Chaka choyamba cha Ashraf Ghani: anthu a ku Afghanistan anatayira pati mtima?

Tadala wa ku Zomba
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndikuwerenga za mmene anthu a ku Afghanistan ankamuonera Ashraf Ghani atangolowa upulezidenti, ndiye manambala ake akundizunguza mutu. Analumbira pa 29 Sepitembala 2014. Patangotha mwezi umodzi, kanema wa TOLOnews anatulutsa kafukufuku wonena kuti anthu oposa 80 pa 100 alionse anali okhutira naye. Koma pofika pakati pa 2015, a bungwe la Asia Foundation anapeza kuti anthu 36.7 okha pa 100 ndi amene ankati dziko likulowera koyenera. Chaka chisanathe n'komwe! Munthu angalakwe chiyani chachikulu chotere m'miyezi yochepa chonchi?

Wa ku Joni
Kulakwa kwake n'kupambana chisankho, chemwali. Ndatha ine, ndikagone.

Chisomo Manambala
Tadala, manambala awiriwo sakuyankha funso limodzi. A TOLOnews anafunsa za munthu, kuti kodi mukukhutira ndi pulezidenti. A Asia Foundation amafunsa za dziko, kuti kodi likulowera koyenera kapena kolakwika. Munthu akhoza kumukonda pulezidenti koma n'kumaona kuti dziko likuphotchoka. Ngati ukufuna kuona kutsika kwenikweni, yika a Asia Foundation pambali pa a Asia Foundation omwewo, poti funso lawo silisintha chaka ndi chaka: 57.2 mu 2013, 54.7 mu 2014, 36.7 mu 2015. Kutsika kwa 18 m'chaka chimodzi, ndipo m'zaka 10 anali asanafikepo pansi chotere. Ndiye kugwa kunalipo ndithu, koma sikuti kunachoka pa 80.

Chinanso, 54.7 uja si wa Ghani ayi. Anafunsa anthu kumapeto kwa Juni ndi kumayambiriro kwa Julayi 2014, chisankho chachiwiri cha pa 14 Juni chitangochitika, wopambana asanadziwike.

Tadala wa ku Zomba
Chabwino, koma 80 ujayo anachokera kuti? Anthu sangangodzuka n'kumuyamikira munthu popanda chimene wachita.

Malume Jere
Angathe, mwana wanga. Ine nthawi imeneyo ndinali ku Kabul komweko, ndikusunga mabuku a ndalama ku bungwe lina lothandiza anthu. Kuti umvetse 80 ameneyo uyambe wadziwa mmene anthu anakhalira kuyambira Epulo mpaka Sepitembala.

Anavota koyamba pa 5 Epulo. Abdullah Abdullah anatsogola ndi mavoti pafupifupi 45 pa 100, Ghani pafupifupi 32. Atabwereza mu Juni, zotsatira zoyamba zinati Ghani wadumpha mpaka 56. Abdullah anati ayi, apa pabedwa, ndipo omutsatira ena anayamba kulankhula poyera zokhazikitsa boma lawolawo. Ndipo awa sanali anthu olankhula ndi pakamwa pokha. Ambiri mwa iwo anamenyapo nkhondo ndipo mfuti anali nazo. Anthu achikulire a mu Kabul ankakumbukira zaka za 1992 mpaka 1996 pamene magulu a mujahideen anaphwasula mzindawo ndi mizinga polimbirana mpando womwewo.

Muofesi mwathu munali bambo wina wophika tiyi, munthu wosalankhulalankhula. Miyezi yonseyo ankayenda ndi kachikwama kapulasitiki mkati mwa malaya, momwe munali zitupa za ana ake ndi mapepala a nyumba, kuchitira kuti zikavuta masana asachite kubwerera kukafuna. Amene ankatigulitsa mapepala ndi inki anasiya kupereka katundu pangongole, ankati ndalama kaye. Eni nyumba ankakana lendi ya afghani, ndalama ya dzikolo, akufuna madola. Womanga anaimitsa kumanga, wolemba ntchito anaimitsa kulemba.

Kenako John Kerry, nduna ya zakunja ya America pa nthawiyo, anabwera mu Julayi, nagwirizanitsa mbali ziwirizo kuti mavoti onse, pafupifupi 8 miliyoni, aunikidwenso. Pa 21 Sepitembala anasaina zogawana boma: Ghani pulezidenti, Abdullah pa mpando watsopano wa Chief Executive. Sabata yomweyo bambo wa tiyi uja kachikwama anakasiya kunyumba. Ukanamufunsa mu Okutobala kuti kodi mukukhutira ndi pulezidenti, akanati eya ndi mtima wonse. Koma chimene ankayamikira n'chakuti mizinga sinalire.

Aphunzitsi Opuma
A Jere, mwalongosola bwino, koma mukumumana munthu zimene anachita ndi manja ake. Tiyeni tione sabata yoyamba yokha. Pa 30 Sepitembala, tsiku lotsatira kulumbira, boma lake linasaina pangano la chitetezo ndi America lomwe Hamid Karzai, pulezidenti amene Ghani anamulowa m'malo, anakhala akulikana kwa miyezi yambiri, ngakhale kuti Loya Jirga (msonkhano waukulu wa akuluakulu a dziko lonse) ya mu Novembala 2013 inali italivomereza. Wosaina m'malo mwa boma anali Hanif Atmar, mlangizi wa za chitetezo. Popanda pangano limenelo asilikali akunja onse akanachoka kumapeto kwa chaka, ndipo ndalama zolipirira asilikali a dzikolo zikanakayikitsa. Masiku omwewo analamula kuti mlandu wa Kabul Bank utsegulidwenso. Banki imeneyi ndi imene inkalipira malipiro a asilikali, apolisi ndi aphunzitsi anzanga, ndipo inagwa mu 2010 ndalama pafupifupi madola 900 miliyoni zitasowa. Mwa eni masheya munali mchimwene wake wa Karzai ndi mchimwene wake wa wachiwiri kwa pulezidenti, Fahim. Aliyense ankadziwa chifukwa chake mlanduwo unkayenda mokwawa. Pofika Novembala khoti la apilo linali litakweza zilango za akuluakulu awiri a bankiyo, Sherkhan Farnood ndi Khalilullah Ferozi, amene poyamba anangopatsidwa zaka 5. Ameneyo ndi mpumulo chabe, a Jere? Imeneyo ndi ntchito.

Malume Jere
Sindikukana, aphunzitsi. Anthu anachita nazo chidwi kwambiri. Panalinso zija zongotulukira mwadzidzidzi ku chipatala, ku polisi, ngakhale ku ndende ya Pul-e-Charkhi. Mnzanga wina wa muofesi anatiseketsa kuti mlamu wake, kalaliki wa boma yemwe kwa zaka ankafika kuntchito dzuwa litakwera, tsopano ankadzuka m'bandakucha poopa kuti pulezidenti angamupeze palibe. Kumapeto kwa Disembala anapita ku Herat n'kuchotsa akuluakulu a boma ambirimbiri paulendo umodzi. Pa kanema zinkaoneka bwino zedi. Funso langa n'lakuti, atawachotsawo anaikapo ndani?

NaBanda wa ku Leeds
Ndilowerereko, azibambo. Kuno ndimagwira ntchito yosamalira okalamba limodzi ndi mayi wina wa ku Afghanistan, ndiye nkhanizi timakamba pa tiyi. Iye chimene amakumbukira cha tsiku lolumbira si pangano la asilikali ayi. Ndi choti Ghani anatchula mkazi wake Rula pagulu n'kumuthokoza, akumutchula dzina loti Bibi Gul. Kwa ife zingaoneke zazing'ono, koma kumeneko amuna ambiri satchula dzina la mkazi wawo pamaso pa alendo, ndipo mkazi wa Karzai anthu sankamuona n'komwe. Akuti iye ndi azichemwali ake anaimbirana foni usiku womwewo. Koma akuti amalume ake anakwiya, poti mayiyo anabadwira ku Lebanon m'banja lachikhristu. Ndiye m'nyumba imodzi, mawu omwewo, wina akulira ndi chimwemwe wina akutukwana.

Ndikamufunsa kuti mtima unasintha liti, amati pa 19 Malichi 2015, tsiku limene gulu la amuna linapha Farkhunda pafupi ndi mzikiti wa Shah-Do Shamshira, pakati pa Kabul, masana, apolisi ali pomwepo. Anamunamizira kuti wawotcha Korani. Anthu ankajambula pa mafoni. Pamaliro ake azimayi ndi amene ananyamula bokosi, zomwe sizichitika kumeneko. Mnzangayo amati kuyambira tsiku limenelo anadziwa kuti kutchula dzina la mkazi ku nyumba yachifumu n'kwina, kuteteza mkazi pamsewu n'kwinanso.

Aphunzitsi Opuma
Zomvetsa chisoni, mayi. Koma apolisi amenewo anawalemba ntchito ndi Ghani? Anawapeza.

NaBanda wa ku Leeds
Anawapeza, inde. Koma amene ali pampando ndi amene amafunsidwa, bambo. Inuyo muli ahedi, mwana akavulala pasukulu makolo ankapita kwa ahedi amene anachoka chaka chatha?

Wa ku Joni
Ndadzuka. Aphunzitsi agwidwa pakhosi 😂

Chisomo Manambala
Tibwerere pa funso la Malume, loti anaikapo ndani, chifukwa ine ndikuona kuti yankho la Tadala lagona pamenepo. Ghani analonjeza nduna pasanathe masiku 45. Mayina anatuluka pa 12 Januwale 2015, patadutsa masiku oposa 100. Atawapereka ku nyumba ya malamulo, aphungu anavomereza nduna 8 zokha pa 25. Ena anagwa chifukwa anali nzika za mayiko awiri. Amene anamusankha kukhala nduna ya zaulimi zinadziwika kuti ali pa mndandanda wa anthu ofunidwa ndi Interpol pa mlandu wa misonkho ku Estonia. Ena 16 anadzavomerezedwa mu Epulo. Ndiye kwa theka la chaka maunduna ambiri ankayendetsedwa ndi anthu ongogwirizira, chimodzimodzinso abwanamkubwa a zigawo.

Ndipo unduna wa zachitetezo, m'dziko loti lili pankhondo, unakhala chaka chonse choyamba wopanda nduna yovomerezeka. Pa 22 Juni 2015, tsiku limene Masoom Stanekzai, amene anasankhidwa pa undunawo, ankakaonekera kwa aphungu, a Taliban anaphulitsa galimoto pachipata cha nyumba ya malamulo yomweyo, kanema akuonetsa. Mu Julayi aphungu anamukana, iye n'kupitiriza mogwirizira.

Malume Jere
Apo wakhudza pamene panatipweteka ife, Chisomo. Munthu wogwirizira sasaina kanthu. Tinali ndi chikalata chofunika siginecha imodzi yokha ku unduna wina kuti katundu wathu wa mankhwala atuluke pa kasitomu. Mnyamata wathu ankapita, amupatsa tiyi wobiriwira ndi maswiti mwaulemu wonse, kenako n'kumuuza kuti bwana akuyembekeza nduna yatsopano. Bwanayo ankaopa kuti akasaina lero, mawa pabwera wa mbali ina n'kumufunsa kuti unalamulidwa ndi ndani. Tsono ife tinali bungwe lokhala ndi galimoto komanso womasulira. Nanga mayi wamasiye wofuna penshoni ya mwamuna wake msilikali?

Atambala awiri salira m'khola limodzi. Mpando uliwonse, kuyambira nduna mpaka mkulu wa polisi wa kuboma laling'ono, unkayenera kugawidwa pakati pa anthu a Ghani ndi anthu a Abdullah, ndipo aliyense anali ndi ngongole kwa amene anamuthandiza kampeni. Mpando wa Abdullah m'malamulo a dziko munalibemo, unangokhazikitsidwa ndi chilamulo cha pulezidenti. Ndiye Ghani ankati mphamvu zonse n'zanga malinga ndi malamulo, Abdullah ankati theka n'langa malinga ndi pangano. Onse awiri ankanena zoona.

Tadala wa ku Zomba
Ndiye mlandu ndi wa Kerry, osati Ghani?

Aphunzitsi Opuma
Ndi zimene ndakhala ndikufuna kunena. Munthuyo anamumanga mwendo kwa mnzake n'kumuuza kuti athamange. Onani mbiri yake: anaphunzira mpaka digiri ya PhD ku yunivesite ya Columbia, anagwira ntchito ku World Bank zaka zambiri, anali nduna ya zachuma kuyambira 2002 mpaka 2004 ndipo ndi nthawi yake pamene anasintha ndalama ya afghani, anatsogolerapo yunivesite ya Kabul. Analemba ngakhale buku lonena za kukonza mayiko olephera, Fixing Failed States, limodzi ndi Clare Lockhart mu 2008. Akanamusiya yekha bwenzi nduna atasankha sabata yoyamba.

Mlongo wa ku Chipata
Ndakhala ndikungowerenga, koma apa ayi aphunzitsi. Akanamusiya yekha ndani? Mu 2009 munthu yemweyo anaima payekha ndi maphunziro ake omwewo n'kupeza mavoti pafupifupi 3 pa 100. Kuti afike pamene anafika mu 2014 anatenga Abdul Rashid Dostum kukhala wachiwiri wake kuti apeze mavoti a Auzbek, Dostum yemweyo amene iye mwini anamutchulapo kuti ndi wakupha wodziwika. Ngongole anazitenga yekha Kerry asanakwere ndege. Komanso tisaiwale kuti bungwe la zisankho linalengeza wopambana mu Sepitembala popanda kutchula manambala. Anadzawatulutsa mu 2016. Theka la dziko linkakhulupirira kuti mpandowo anaupeza mwachinyengo, ndipo anthu otero amakupatsa mwezi umodzi kapena iwiri, osati zaka.

Malume Jere
Ndipo khalidwe lake linawonjezera, mlongo. Anzathu a m'maunduna ankadandaula kuti chilichonse chimathera pa tebulo la pulezidenti. Ankafuna kufunsa yekha mafunso anthu ofuna maudindo, ngakhale maudindo oti nduna ikanatha kusankha. Anakhazikitsa komiti yoona za makontirakiti akuluakulu a boma n'kumaitsogolera yekha sabata ndi sabata. Cholinga chinali chabwino, ndipo anaimitsadi kontirakiti yaikulu ya mafuta ya unduna wa zachitetezo imene inkanunkha katangale. Koma munthu mmodzi sangawerenge mafayilo a dziko lonse. Kupsa mtima kwake nakonso kunali kodziwika, moti akuluakulu ena ankasankha kukhala chete kusiyana n'kukalipiridwa pamaso pa anzawo.

Wa ku Joni
Koma zikumveka ngati nkhani ya kwinakwake kumene ndikukudziwa...

Woyang'anira Gulu
Achimwene a ku Joni, tikudziwa kumene mukulowera. Lero tili ku Kabul, tikhale komweko.

Wa ku Joni
Ndangotsokomola, bwana.

Tadala wa ku Zomba
Funso lina. M'dziko la nkhondo, kumene anthu ambiri sadziwa kuwerenga, kafukufukuyu tingamukhulupirire? Mwina anthu ankangoyankha zokondweretsa wofunsa.

Chisomo Manambala
Funso labwino. A Asia Foundation mu 2015 anafunsa anthu oposa 9,000 m'zigawo zonse 34, maso ndi maso, amuna kufunsidwa ndi amuna, akazi ndi akazi. Kusawerenga si vuto chifukwa mafunso amachita kuwawerengera. Vuto lili pawiri. Loyamba, madera amene a Taliban ankalamulira ofunsa sankafikako. Ankangoimitsa anthu ochokera kumeneko pamsika kapena pa depoti n'kuwafunsa, ndipo oyenda maulendo otere ambiri ndi amuna. Ndiye mayi wa kumudzi ku Helmand mawu ake ndi ochepa m'manambalamo. Lachiwiri ndi lomwe wanenalo: mlendo akabwera ndi pepala n'kufunsa za boma, munthu wochenjera amayankha mofatsa. Koma taona, zonse ziwirizi zimakokera nambala m'mwamba, osati pansi. Ndipo zinalipo mu 2013 ndi mu 2014 momwemo. Choncho ngakhale usakhulupirire 36.7 yeniyeniyo, kutsikako ungakukhulupirire.

Kafukufuku yemweyo anapeza kuti anthu 67.4 pa 100 ankaopera moyo wawo, ndipo pafupifupi 40 pa 100 anati atapeza mpata akhoza kuchoka m'dzikomo. Zifukwa zimene onena kuti dziko likulowera kolakwika ankatchula kwambiri zinali kusowa chitetezo, ulova ndi katangale.

NaBanda wa ku Leeds
Ochokawo anachokadi. Mu 2015 anthu a ku Afghanistan pafupifupi 178,000 anapempha malo othawirako m'mayiko a European Union, kuposedwa ndi a ku Syria okha. Mnzanga uja ana a mchimwene wake awiri anadutsa Iran ndi Turkey chaka chimenecho. Onse awiri anavotera Ghani, mmodzi anachita kujambulitsa chala cha inki n'kuika pa Facebook.

Aphunzitsi Opuma
Tsono apa ndi pamene ndikuti tizichita chilungamo. Ulova umenewo anaubweretsa ndi Ghani? Mu 2011 m'dzikomo munali asilikali akunja oposa 130,000. Ntchito ya ISAF, gulu la asilikali akunjawo, inatha pa 28 Disembala 2014, ndipo pa 1 Januwale 2015 kunatsala pafupifupi 13,000 okha, ophunzitsa ndi kulangiza. Msasa uliwonse umene unatsekedwa unapita ndi ntchito za madalaivala, omasulira, alonda, ophika, ochapa, makampani a malole ndi a zomangamanga. Tsiku lochoka linakhazikitsidwa kale Ghani asanaime n'komwe. Aliyense amene akanakhala pampandowo, kaya Abdullah kaya mngelo, akanalandira chuma chikuphwa ndi nkhondo ikukula. A UN anawerenga anthu wamba 11,002 ophedwa ndi ovulala mu 2015. Nambala ya Chisomo ikanatsikabe.

Mlongo wa ku Chipata
Ikanatsika, koma ndani anamutuma kulonjeza? Achinyamata ena a kumeneko anatsegula tsamba la pa intaneti lotchedwa Sad Roz longowerengera malonjezo a boma latsopanolo m'masiku 100 oyamba, ndipo ambiri anali asanayambidwe n'komwe. Munthu wodziwa chuma ngati iye ankadziwa bwino zimene zikubwera. Akanauza anthu kuti abale, zaka ziwiri zikubwerazi tilimbe mtima. M'malo mwake analonjeza ntchito, mtendere, nduna m'masiku 45. Anthu amakuyeza ndi muyezo umene wawapatsa wekha.

Malume Jere
Pali chinthu china chimene sitinachikhudze, ndipo kwa anzanga a ku Kabul chinali chachikulu kuposa nduna: Pakistan. Mu Novembala 2014 Ghani anapita kumeneko, ndipo sanathere kwa nduna yaikulu Nawaz Sharif ku Islamabad. Anapita mpaka ku likulu la asilikali ku Rawalpindi kukaonana ndi General Raheel Sharif. Pulezidenti wa dziko kupita yekha ku ofesi ya mkulu wa asilikali a dziko lina! Maganizo ake anali omveka: atsogoleri a Taliban amakhala ku Pakistan, ndiye amene angawakokere pa zokambirana ndi asilikali a Pakistan. Anapitanso ku China mu Okutobala pofuna kuti nawo akankhe mnzawoyo. Dalaivala wathu, munthu wa ku Panjshir kumene ambiri ankatsatira Abdullah, tsiku limenelo anazimitsa wailesi m'galimoto n'kunena kuti pulezidenti wapita kukapempha moto kwa amene akutentha nyumba. Mu Meyi 2015 zitamveka kuti akazitape a Afghanistan, NDS, asainirana pangano ndi akazitape a ku Pakistan, a ISI, ngakhale aphungu omukonda anakwiya.

Anthu akanamukhululukira zikanabala zipatso. Ndipo zinatsala pang'ono: pa 7 Julayi nthumwi za boma zinakhala pansi ndi a Taliban ku Murree. Koma mwezi womwewo usanathe zinaululika kuti Mullah Omar, mtsogoleri wa a Taliban amene uthenga unkatuluka m'dzina lake, anamwalira kalekale mu 2013. Zokambirana zinathera pomwepo. Pa 7 Ogasiti mabomba atatu anaphulika mu Kabul tsiku limodzi, loyamba linali lole yodzaza mabomba usiku ku Shah Shaheed. Kumene ndinkagona kunali kutali ndithu koma mawindo ananjenjemera. Patangopita masiku ochepa Ghani yemweyo anayamba kudzudzula Pakistan pa kanema. Dalaivala uja anangoti, ife tinanena.

Aphunzitsi Opuma
Koma kuyesa kunali koyenera. Karzai anatukwana Pakistan zaka zambiri, anapindula chiyani?

Malume Jere
Kunali koyenera, mwina. Koma anayesa ndi chuma chimene analibe. Mtsogoleri amene anthu sakukayika kuti anapambana akhoza kuchita chinthu chosakondedwa n'kupirira chaka. Iyeyu theka la anthu linkamuyang'ana kale ndi diso lofiira.

Tadala wa ku Zomba
Nanga kugwa kwa Kunduz? Ndimaganiza kuti mutchula chimenecho poyamba.

Chisomo Manambala
Kunduz anagwa pa 28 Sepitembala 2015, kutatsala tsiku limodzi kuti boma likwanitse chaka. Unali mzinda waukulu woyamba kulandidwa ndi a Taliban chichokereni 2001. Pa 3 Okutobala ndege ya America inaphulitsa chipatala cha bungwe la madokotala la MSF mumzindamo n'kupha anthu 42. Koma taona masiku, Tadala. Kafukufuku wa 36.7 uja anachitika mu Juni. Kunduz mulibemo, mabomba a Ogasiti mulibemo, imfa ya Mullah Omar mulibemo. Mtima anthu anali atataya kale zoopsa zazikuluzo zisanachitike, m'miyezi ija ya maofesi opanda osaina ndi ntchito zikutha. Zotsatira za Kunduz uzione mu 2016, pamene nambala inafika pa 29.3.

Mlongo wa ku Chipata
Ndipo aphunzitsi, Kabul Bank wanu uja mumalize nkhani yake. Mu Novembala 2015 Khalilullah Ferozi, woti ali m'ndende, anaoneka pa mwambo wa boma akusaina ndi akuluakulu a boma mgwirizano womanga nyumba wotchedwa Smart City. Anthu atakuwa m'pamene boma linathetsa mgwirizanowo. Chinthu chomwe chija chinamupatsa Ghani ulemu mu Okutobala 2014 ndi chimene chinamuchititsa manyazi patatha chaka.

Aphunzitsi Opuma
Cholinga chinali choti abweze ndalama kudzera mu bizinesiyo. Ndende sibweza madola.

Mlongo wa ku Chipata
Kauzeni zimenezo msilikali wa ku Kunduz amene malipiro ake ankadutsa m'banki imeneyo.

NaBanda wa ku Leeds
Mwezi womwewo wa Novembala, pa 11, anthu zikwizikwi anayenda mu Kabul atanyamula mabokosi a anthu 7 a mtundu wa Ahazara amene anadulidwa makosi ku Zabul, mmodzi mwa iwo kamtsikana ka zaka 9, Shukria Tabassum. Anafika mpaka pa mpanda wa nyumba ya pulezidenti, ena n'kuyamba kukwera. Ankakuwa kuti Ghani ndi Abdullah onse atule pansi udindo. Onse awiri, osati mmodzi. Mnzanga uja ndi Mhazara, ndipo amati chimene chinamukhudza n'choti mumsewumo munalinso Apashtun, Atajik ndi Auzbek.

Tadala wa ku Zomba
Zoti onse awiri zija zandigwira. Ndiye kuti pofika pamenepo anthu sankasiyanitsanso kuti wolakwa ndi uti?

Malume Jere
Ankasiyanitsa akakhala kunyumba. Mpashtun wa ku Logar, kwawo kwa Ghani, ankati Abdullah ndi amene akutsekereza. Wa ku Panjshir ankati Ghani akuphwanya pangano n'kudzaza nyumba yachifumu ndi anthu a mtundu wake. Koma ukawafunsa za boma lonse yankho linali limodzi. Pangano lija linati pasanathe zaka 2 kudzakhale Loya Jirga yoona ngati mpando wa Abdullah usanduke wa nduna yaikulu. Sinachitike. Chisankho cha aphungu chimene chinayenera kuchitika mu 2015 chinadzachitika mu Okutobala 2018.

Aphunzitsi Opuma
Komabe anthu omwewo anamusankhanso mu 2019. Zimenezo mukuzithawa bwanji?

Chisomo Manambala
Anthu ake angati, aphunzitsi? Mu 2014 mavoti anali pafupifupi 8 miliyoni, ngakhale tichotsepo okayikitsa. Mu 2019 owerengedwa anali pafupifupi 1.8 miliyoni, Ghani n'kupeza 50.64 pa 100. Abdullah anakananso zotsatira, ndipo pa 9 Malichi 2020 aliyense anachita mwambo wake wolumbira, tsiku limodzi, mumzinda umodzi, nyumba zoyandikana.

Wa ku Joni
Dikirani kaye. Akazembe a mayiko anapita ku mwambo uti?

Malume Jere
Zalmay Khalilzad, nthumwi ya America, ndi akazembe ambiri anapita kwa Ghani. Mu Meyi awiriwo anasainanso pangano lina logawana maudindo.